Tibowo ta pa Bolodi la Wilkins

Panali munthu wina ku Chulu, dzina lake Wilkins, mwana wa mayi Enelesi olima fodya. Atamaliza maphunziro a zamagetsi ku koleji anabwerera kumudzi ndi ganizo limodzi, loti apange kachipangizo kokhala ndi kamera, koti mlimi akaika tsamba la fodya pansi pake kazilijambula n'kunena giredi yake. Alimi a m'kalabu ya amayi ake anali atatopa kukangana ndi ogula pa za magiredi. Wapampando wawo, a Esau, anamuuza kuti akabwere nako nyengo yosankha ikayamba. Kakagwira ntchito kalabu idzakalandira, kakakanika asadzawatayitsenso nthawi.

Mtima wa kachipangizoko unali bolodi lobiriwira, longa lija la m'kati mwa foni. Bolodi lotere limakhala ndi magawo osanjikizana, ndipo timizere ta mkuwa, kapena kuti kopa, tonyamula chithunzi tikafuna kuchoka pa gawo lina kupita pa lina timadzera pa tibowo tokutidwa ndi kopa.

Wilkins anakula akuona makolo akusalaza pamwamba pa belo, poti wogula amayamba waona nkhope. Choncho naye anafuna nkhope ya bolodi lake ikhale yosalala, pakati pajambulidwe tsamba lalikulu la fodya ndi dzina la kalabu, chivundikiro chikhale choonekera m'kati. Mizere ya kamera imene inkadutsa pamenepo anailowetsa pansi, n'kuitulutsa, n'kuilowetsanso kuti izembe chithunzi cha tsambacho.

Asanatumize pulani ya bolodilo ku fakitale ya kunja yoti ikalipange, anaionetsa Jenala, mnzake wa ku koleji amene ankagwira ntchito yomweyi ku Lilongwe. Jenala anamuimbira foni akuseka.

"Achimwene, bolodi lakongola ngati chitenje cha pa ukwati. Koma mizere ya kamerayi ndi mfuko kodi? Ikungolowa ndi kutuluka."

Kenako anamufotokozera mofatsa kuti kabowo kamaboola bolodi lonse, pomwe uthenga umakhotera pakati. Kachigawo kotsala m'munsi kamakhala ngati kanjira kothera pa mpanda. Uthenga wothamanga kwambiri umalowa m'menemo, n'kubwerera, n'kugundana ndi umene ukubwera m'mbuyo. Anamulangiza achepetse tibowoto, ndipo totsalato auze a fakitale achotse zigawo zopanda ntchitozo.

"Kopa ndi kopa, mlongo wanga," anayankha Wilkins. "Magetsi sasochera."

Anatumiza pulaniyo momwe inalili. Bolodi litafika analiyeza ndi mita yoyezera magetsi, mizere yonse inali yolumikizana. Kunyumba ankayesa ndi zithunzi zazing'ono zosafuna liwiro, ndipo zinkatuluka bwinobwino. Wilkins ankayenda akuimba mluzu.

Tsiku loonetsa, alimi anasonkhana pa chigafa cha a Esau. Pofuna kuti akuluakulu aone bwino, Wilkins anatchera kamera kuti ijambule chithunzi chachikulu, chokwanira. A Esau anaika tsamba lawo labwino koposa. Pa sikirini panatuluka tsamba la mizeremizere ngati mbidzi, theka lake lofiirira, theka lina losowa.

"Mbewu iyi sitinadzalepo kuno," anatero a Esau, ndipo chigafa chonse chinagwa ndi phwete.

Wilkins anazimitsa, nayatsanso, koma mbidzi inabwerera. Mayi wina anamusunthira kampando kuti akhale pamthunzi. Amayi ake anavula chitenje cha pamwamba, nakulungamo kachipangizoko bwinobwino. Anthu akubalalika, a Esau omwe aja anati mwayi ndi umodzi anamuitanira kuseri.

"Masamba apansi tisankha ndi maso athu," anatero. "Ubwere nako pa apamwamba."

Wilkins anaimbira Jenala mawu ali pansi. Jenala sanamukumbutse chilichonse, anangoti atumizenso pulaniyo aione limodzi. Awiriwo anafufuta tsamba lojambulidwa pakati pa bolodi lija, nawongola mizere ya kamera kuti iyende pa gawo limodzi, iwiriiwiri, yofanana kutalika. Pamene kabowo sikakanapeweka anaikapo kena pambali pake, koti magetsi azibwererapo mwachidule, ndipo a fakitale anawauza kuti aboole kumbuyo n'kuchotsa zotsala zija. Bolodi latsopanoli silinali losiririka. Analitsekera m'kabokosi kakuda.

Masamba apamwamba atauma, Wilkins anamangirira kabokosiko pa njinga n'kupitanso ku chigafa. Anthu anabwera ambiri kuposa poyamba, ena ndithu kudzangoseka. A Esau anaika tsamba. Linatuluka lonse, loonekera mpaka timitsempha take. Koma kachipangizoko kanalipatsa giredi yotsika. Wilkins anayang'ana a Esau.

A Esau anavala magalasi, nasendera pafupi ndi sikirini. Pafupi ndi mtsempha waukulu panali kadontho kotuwa. Anatenga tsambalo, naliunika padzuwa, nalinunkhiza. Chinali chuku chongoyamba kumene, chimene chikanalowa m'belo n'kuwononga anzake.

"Kanthu aka sikaopa wapampando," anatero akuseka. "Kalabu yakalandira."

Azimayi anaimba nthungululu. Aliyense anathamangira kukatenga tsamba lake, mzere unafika mpaka panjira, ndipo amene tsamba lake lapatsidwa giredi yabwino ankavina pang'ono asanapatse mnzake malo. Mayi Enelesi anaima kumapeto kwenikweni kwa mzerewo, tsamba lili m'manja, akudikira ngati wina aliyense.

Phunziro: Pa bolodi lothamangitsa uthenga, kabowo kalikonse kosafunika kamaba mphamvu, ngakhale mita itanena kuti zonse zalumikizana. Musakongoletse pamwamba n'kupotoza njira ya m'kati, ndipo mnzanu wodziwa akakuchenjezani akuseka, mverani asanakusekeni ambiri. Nkhaniyi itumizireni ana athu amene akuphunzira zamagetsi, ndi makolo awo omwe, kuti mwana akalakwitsa azimupatsa tsiku lina.