Mawu a pa Nambala Seveni

Lusia anavala mahedifoni a pa nambala seveni chifukwa mipando inayo inali ndi anthu. Chionetserocho chinali mu holo ya loji ina ku Nkopola, komwe iye amachapa zovala za alendo. Munalibe zithunzi. Munali mipando, mawaya, ndi chikwangwani chonena kuti awa ndi mauthenga omwe amuna opita ku Joni amatumiza kumudzi pa foni. Azungu ankamvetsera atatsinzina, ngati akumva.

"Amayi a kunyumba, mwadzuka bwanji? Kuno kukuzizira, koma ndikakumbuka inu ndimafundidwa."

Anali Willard, mwamuna wake. Uthengawo ankaudziwa pamtima: pomwe akutsokomola, pomwe minibasi ikuliza hutala kumbuyo, pomwe akuseka n'kulumbira kuti maso ake saona wina. Anaulandira miyezi isanu yapitayo ndipo sanamvetseko munthu, ngakhale mayi ake omubereka. Lero unali m'makutu mwa aliyense wolowa pakhomo.

Munthu mmodzi yekha ndiye anagwirapo foni yake: Tikhala, mnzake wa ku kwaya, yemwe anamusamutsira zinthu kuchoka mu foni yakale. Tikhala yemweyo ndiye ankaperekeza okonza chionetsero m'midzi. Apo anali ataima pakhomo, atavala tisheti yawo yatsopano. Lusia atamuyang'ana, iye anayamba kuwerenga malata a denga.

Lusia sanakuwe. Anavula mahedifoni, nawaika bwinobwino, napita kwa Ndaona, mtsikana yemwe anakonza chionetserocho.

"Achemwali, nambala seveni ija muizimitse. Ndi mawu a amuna anga."

"Pepani mayi, koma eni ake anavomera."

"Eni ake ndine! Mwandionapo ine ndikuvomera? Mukamuuze mnzanu wa tisheti uyo kuti kuba sikuthyola nyumba kokha."

Anatulutsa foni yake, naudina uthengawo. Willard anatsokomola, hutala inalira. Ndaona anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anatsegula laputopu, nawerenga kanthawi, n'kutsitsa mawu.

"Mayi, ife sititenga kanthu mu foni ya munthu mwini wake kulibe. Uthengawu anabwera nawo okha akazi awo a bambo Willard. Wina wa ku Nkope, wina wa ku Chembe, aliyense ali ndi uthenga womwewu mu foni yake. Tinangosankha womveka bwino."