Zitsa Zinali Pakona

Panali munthu wina, makaniko waluso ndithu, amene anzake anamupatsa dzina loti Zolembedwa. Dzinali anadziitanira yekha, chifukwa mawu amenewa sankachoka pakamwa pake. Akadzicheka ndi chitsulo, zolembedwa. Akachedwa kuntchito, zolembedwa. Ngakhale tsiku limene anaiwala kumanga manati a tayala la kasitomala, anangoseka n'kunena kuti, "Zinalembedwa kuti lero ayende wapansi."

Ntchitoyi anamuphunzitsa ndi mkulu wake, mwini galaja, yemwenso anamulera makolo awo atamwalira. Mkuluyu anali ndi lamulo limodzi lokha: galimoto ukaikweza ndi jeke, usalowe pansi pake usanaikepo zitsa zoigwira. Zitsazo zinali za mtengo wolimba, zakuda bii ndi oyilo, ndipo zinkakhala pakona, pafupi ndi chitseko.

"Jeke amakweza basi, sagwira," ankatero mkuluyo. "Tsiku lina adzapulumuka munthu ali pansi."

"Achimwene, inu kupemphera mumapemphera, koma mantha ndiye eee! Tsiku lako likakwana umapita, kaya waika zitsa kaya sunaike. Amagwira galimoto ndi Mulungu."

"Mulungu yemweyo ndi amene anameretsa mtengo wa zitsazo. Iwe ika, usamuyese."

Zolembedwa ankangoseka. Zaka zinapita akulowa pansi pa magalimoto ndi jeke yekha mkulu wake akayang'ana kumbali, osaona vuto, ndipo ankati umenewo ndi umboni wa chikhulupiriro chake. Chikhulupiriro chanji, abale inu? Unali ulesi wonyamula zitsa, ulesi wovala jekete la kutchalitchi.

Tsiku lina kunabwera lole yomwe inkagogoda kunsi ikamayenda. Mwini wake anali pachangu, akungoyang'ana wotchi. Zolembedwa anaikweza ndi jeke, anachotsa tayala, n'kulowa pansi. Anafufuza, anafufuza, vuto osalipeza.

"Achimwene, tabwerani mudzaone, ine zandikanika!"

Mkuluyo anabwera akupukuta m'manja. Maso ake anali atayamba kale kufooka, ndipo kunsi kwa lole kunali mdima.

"Waika zitsa?"

Zolembedwa anayang'ana pakona, anayang'ananso kasitomala uja. Kukanyamula zitsa kunamukulira.

"Ndaika, achimwene."

Mkuluyo sanawerame n'komwe kuti atsimikize. Mwana amene wamulera wekha angakunamize bwanji? Anagona chagada n'kulowa. Atangogwira chitsulo china n'kuchigwedeza, jeke anapulumuka. Khuu! Lole yonse inatsikira m'chiuno mwake.

Anthu anathamanga, ananyamula loleyo ndi manja, n'kumutengera kuchipatala. M'chipwirikiti chimenecho palibe anaona za zitsa. Moyo anapulumuka, koma madokotala ananena mosabisa kuti msana wathyoka, sadzayendanso.

Ndiye tamvani zomwe zinachitika kuchipatalako. Aliyense wobwera kudzazonda wodwala ankagwira Zolembedwa paphewa n'kumuuza mawu ake omwe aja: "Pepani, zinalembedwa." Ngakhale mlamu wake, mkazi wa wodwalayo, anamugwira dzanja misozi ili mbwembwembwe.

"Alamu, musadziimbe mlandu. Zitsa munaika, mbali yanu munachita. Zinazi ndi za Mulungu."

Mawu amene ankawakonda aja anayamba kumuwawa ngati tsabola m'maso. Tsiku lina atatsala awiriwiri ndi mkulu wake, anagwada pafupi ndi bedi.

"Achimwene, ndili ndi mawu."

"Ndikuwadziwa," anatero mkuluyo, maso ali kudenga. "Lole itandigwera ndinatembenuza mutu kufuna wondithandiza. Ndinaziona zitsa zonse zili pakona pamalo pake."

Zolembedwa analira mokweza ngati mwana.

"Nanga bwanji simunawauze alamu?"

"Ndiwauze kuti akuthamangitse? Galaja ayendetsa ndani, ana anga adya chiyani? Ndakukhululukira, mng'ono wanga, ngakhale mtima ukuwawabe. Koma chinthu chimodzi ndikupemphe: usadzamunamizirenso Mulungu. Izi sanalembe Iye. Unalemba ndiwe, ndi pakamwa pako, pamene unati ndaika."

Kuchokera tsiku limenelo Zolembedwa anapempha anthu kuti asiye kumuitana dzina lija. Galaja akuyendetsa ndi iye, ana a mkulu wake akuphunzitsa ndi iye, ndipo galimoto siikwera pa jeke zitsa zisanafike pafupi. Kupemphera akupempherabe, koma tsopano amayamba wachita mbali yake. Anasintha ndithu munthu uja. Kungoti miyendo ya mkulu wake sinabwerere.

Amene anandiuza nkhaniyi akuti amawaona akupita kutchalitchi, mng'ono uja akukankha njinga ya olumala, mkulu wake atakhalapo. Akaima kuti apereke moni, amayamba watola mwala n'kuuika kunsi kwa tayala la njingayo, ngakhale pamalo osatsetsereka. Anthu amamuseka kuti, "Aaa, inunso, apa ithawira kuti?" Iye amangowerama n'kuukankhira mwalawo mkati.

Phunziro: Kukhulupirira Mulungu sikutaya nzeru zimene Iye anakupatsa. Usabise ulesi ndi bodza lako m'mawu oti "zinalembedwa", chifukwa nthawi zambiri amene amapweteka si iwe, ndi munthu amene amakukhulupirira osawerama kuti atsimikize. Ndikanadziwa amabwera pambuyo, ndipo sadzutsa munthu pa njinga. Usaisunge wekha nkhaniyi, itumize kwa m'bale wako kapena mnzako amene ali ndi zitsa zake pakona.