Wotchi ya M'chifuwa mwa Wabutchala

Panali munthu wina wogwira ntchito m'butchala, anzake ankamutcha Nkhwangwa. Amene anandiuza nkhaniyi akuti anaona yekha ndi maso ake. Nkhwangwa anali chibambo champhamvu, cha mtima wapachala. Ukamuyankha mokhota, iye ankakuyankha ndi chibakera.

Koma mtima wake unali wodwala. Unkagunda mosalongosoka, pena kuthamanga, pena kudumphitsa, ndipo valavu imodzi, kachitseko kotsegula ndi kutseka njira ya magazi mumtima, inali itatheratu. Madokotala anamuchita opareshoni n'kumuikira valavu yachitsulo. Kuyambira pamenepo, pakakhala phee, m'chifuwa mwake munkamveka tiki tiki ngati wotchi, koma wotchi yoledzera.

Anamupatsanso mapiritsi akumwa moyo wake wonse, oletsa magazi kuundana. Dokotala anamuuza kuti azibwera kudzayezetsa, chifukwa mankhwalawo akachuluka m'thupi magazi amakhala ngati madzi. Anamuuza kuti asiye mowa ndi ndewu, auze anzake a kuntchito, ndipo akadzicheka magazi n'kukana kuleka, athamangire kuchipatala. Nkhwangwa anangovomera inde inde. Kuntchito anakanama kuti linali vuto la m'mimba ndipo latha. Kuyezetsa anasiya, akuti pamzere wa kuchipatala ndi pa nkhalamba. Akaiwala kumwa piritsi, mawa lake ankamwa awiri n'kutsitsira ndi mowa.

Mkazi wake anaona kuti akamatsuka m'kamwa akulavula magazi. Atamudandaulira, Nkhwangwa anamukankhira kukhoma n'kumuuza kuti akadzangouza munthu za mtimawo, adzalongedza katundu. Mayiyo anatseka pakamwa. Sanauze ngakhale mchimwene wake, amene ankagwira ntchito m'butchala momwemo.

Tsiku lina masana magetsi anazima. Firiji ndi makina ochekera mafupa zinangoti zii. Nthawi imeneyo n'kuti Nkhwangwa ndi mlamu wakeyo atanyamulizana mwendo wa ng'ombe kuti aukoloweke pa ngowe, mutu wa mlamuyo uli pafupi ndi chifuwa chake. Mlamuyo anatchera khutu, kenako anaseka.

"Alamu, mwameza wotchi kodi? Tatiuzeni, nthawi ili bwanji?"

Onse m'butchalamo anafa nalo phwete, makasitomala omwe. Zinali zocheza za pachilamu basi, koma Nkhwangwa anataya nyama ija pansi n'kumuponya chibakera cha pakamwa. Mano awiri anagwera pa simenti. Anamugwira pakhosi, n'kumumenyetsa nkhope pa chitsa chodulirapo nyama, kenako anamukhalira pamimba n'kuyamba kumukanyanga. Mlamuyo maso atatuzuka, mpweya ukumuthera, anapapasa pansi n'kupeza kampeni kosendera nyama. Anakantha mosaona, mpeni n'kulowa pantchafu ya Nkhwangwa, kunsi kwa epuloni.

Anthu atawaleretsa, Nkhwangwa anaimirira n'kunena kuti wangokandika. Anapita kuseri, n'kuchita zimene anthu a m'butchala amachita akadzicheka: anathira mchere pabalapo, n'kumanga ndi kansalu. Kenako anathamangitsa mlamu uja kuti azipita kwawo. Magetsi atayaka, anatenga chikwanje n'kuyamba kudula nyama mwaukali kuti onse aone kuti adakali mwamuna.

Magazi sanaleke. Anadutsa kansalu kaja, n'kumatsika ndi mwendo mkati mwa buluku mpaka m'jombo. Ena ankadontha pansi. Koma m'butchala ndani amadabwa ndi magazi? Epuloni ya aliyense ndi yofiira, pansi pamakhala pofiira tsiku ndi tsiku. Mayi wokolopa anakolopa akung'ung'udza kuti ng'ombe ya lero sanaikhetse bwino. Mnzake wina anamuona akutuluka thukuta, milomo itayera, n'kumufunsa ngati ali bwino. Nkhwangwa anamuloza ndi chikwanje, munthuyo n'kubwerera pa sikelo yake.

Mlamu uja sanapite kwawo. Anakafika kwa mchemwali wake nkhope itatupa, kukadandaula. Mayiyo sanafunse za mano. Anangofunsa ngati mwamuna wake watuluka magazi.

"Ndawacheka pang'ono chabe pantchafu, achemwali. Akanandipha."

Mayiyo anatuluka akuthamanga opanda nsapato. Anapeza mwamuna wake atakhala pa chitsa chija, chikwanje chitagwa m'manja, akupuma mobanika. Anagwada n'kumuvula jombo. Magazi anakhuthuka ngati wagubuduza ndowa, ndipo apa m'pamene onse anadziwa kuti magazi amene ankapondaponda masana onse aja sanali a ng'ombe.

"Thandizeni, pezani galimoto! Bambowa ali ndi valavu yachitsulo mumtima, amamwa mankhwala oti magazi awo saundana."

Nkhwangwa anadzutsa mutu movutikira. "Iwe, ndinakuletsa kunena zimenezo."

Amenewo ndiwo anali mawu ake omaliza. M'galimoto, mnzake wina atapanikiza balalo ndi manja onse awiri, mayiyo anatsamiritsa khutu pachifuwa cha mwamuna wake. Wotchi ija inkathamanga, kudumpha, kuthamanganso. Akukhotera pageti la chipatala, anamvetsera, n'kumvetseranso, koma munali zii. Madokotala anati akanabwera atangovulala, akanamusoka n'kumupatsa mankhwala obwezera magazi m'malo mwake.

Lero mayiyo ndi wamasiye, ndipo mchimwene wake ali m'chitokosi. Akapita kukamuona, mchimweneyo amangofunsa chinthu chimodzi: "Achemwali, bwanji simunandiuze? Sindikanaseka."

Phunziro: Matenda a mtima si manyazi. Ngati mumamwa mankhwala oletsa magazi kuundana, muziyezetsa monga anakuuzirani adokotala, musamawonjezere nokha mapiritsi, ndipo abale ndi anzanu a kuntchito adziwe, chifukwa tsiku la ngozi ndi iwowo amene adzakunyamuleni. Ndewu italikireni, ndipo bala likakana kuleka magazi, thamangirani kuchipatala. Musaisunge nkhaniyi, itumizeni kwa wachibale kapena mnzanu amene mukudziwa kuti akubisa matenda ake.