Mababu a Ampulifaya ya Lazaro

Lazaro anapotokola kabatani kokwezera mawu kuchoka pa seveni kufika pa eyiti, malata a shopu yake yokonzera mawailesi n'kuyamba kunjenjemera. Zala zinkakhwacha gitala, koma nyimboyo sankaimva n'komwe. Maso ake anali kuseri kwa ampulifaya, bokosi lokuzira mawu a gitalayo, kumene mababu anayi ankayaka. Limodzi linali litafiira moipa.

Ampulifayayo anabwera nayo kuchokera ku migodi ya ku Joni, chimphona cholemera ngati thumba la mpunga. Ankaidziwa khalidwe lake: mawu amakoma mababu akatentha, koma ukaikakamiza tsiku ndi tsiku, babu limapsa. Nanga pa Nkhotakota pano babu lotere ungaligule kwa yani?

Komatu kutsitsa sakanatha. M'kachipinda kosungiramo mawailesi akufa munali mlongo wake Rahila ndi khanda la miyezi inayi. Mpingo wa Rahila unali woletsedwa chifukwa chokana kugula khadi la chipani. Nyumba ya Rahilayo achipani anaitentha masabata awiri apitawo, tsiku lomwe anatentha ya telala Maliko, wa mpingo womwewo, munthu wowonda wa chifuwa chosachira, amene anthu ankati anamira pothawa pa bwato. Chiyambire tsikulo, masana alionse anyamata a chipani a malaya ofiira ankakhala pansi pa mango woyang'anizana ndi shopuyo, kuitanitsa makhadi kwa opita kumsika. Khanda silidziwa ndale. Likafuna kulira limalira basi.

Choncho Lazaro anavomera kukhala chitsiru cha pamsika. "Za ku Joni zamuzunguza mutu," ankatero anthu podutsa, atatseka makutu. Iye ankangowasekerera, mtima uli m'malere.

Koma amene ankamuopsa koposa anali a Chande, tcheyamani wa nthambi ya chipani, mwini golosale yogundana khoma ndi shopu yake. Bambo osaseka ndi munthu amenewo, a kofiya yoyera, amene ankasunga zokuzira mawu za pamisonkhano. Dzulo lake anaima pakhonde n'kukuwa, anyamata aja akumva:

"Iwe Lazaro, phokoso lakoli ndithana nalo ndekha. Wina asalowererepo!"

Ndiponso pakati pa nyimbo ndi nyimbo, Lazaro ankamva mtswatswa kuseri kwa khomalo, m'chipinda cha katundu cha a Chande, mosalowa kasitomala. Sanafune wina womuuza. Amuikira kazitape, khutu lili pakhoma.

Kenaka fungo la kupsa linamulasa m'mphuno. Babu lofiira lija linaphethira, mawu a gitala n'kuyamba kusasa. Likangopsa lero, mawa adzabisa mwana ndi chiyani? Thukuta lili kamukamu, anatsitsa mpaka pa thuu kuti lizizire pang'ono. Kwa nthawi yoyamba m'masabata awiri, anthu anamva nkhuku zikulira pamsika.

Mayo ine! Apo m'pamene khanda linasankha kudzuka. Linangoti ng'aa kamodzi, Rahila n'kulitseka pakamwa ndi bere. Kuseri kwa khoma wina anatsokomola motsekereza. Mnyamata mmodzi pansi pa mango paja anadzutsa mutu, n'kugwira mnzake paphewa.

Chitseko cha golosale chinamenyetsedwa. Mapazi pakhonde. A Chande analowa m'shopumo, n'kutseka, n'kulowetsa mpiringidzo.

"Zikomo bambo tcheyamani, ndatsitsa kale," anatero Lazaro. "Sindidzakwezanso, ndithu."

A Chande anayang'ana chitseko cha kachipinda kaja nthawi yaitali, kenaka anayang'ana iye. Lazaro anaganiza zogwada, anaganiza zowaphwanya mutu ndi gitala, koma anangoti chilili ngati chitsa. Basi zatha, anadziuza. Mlongo wanga ndamupereka ndi dzanja langa lomwe, chifukwa choumira babu limodzi.

A Chande anapisa dzanja m'thumba la mkanjo. Anatulutsa kanthu kokulunga m'mpango n'kukaika pamwamba pa ampulifaya. Mpangowo unafutukuka. Munali mababu awiri, ndipo Lazaro anawazindikira pomwepo, pakuti iye yemwe ndiye anawaika m'zokuzira mawu za chipani chaka chatha.

Kenaka bambowo anagwira kabatani kaja n'kukapotokola mpaka pa teni. Gitala inabuula, malata anagwedezeka, anyamata aja panja anaphulika kuseka. Mkati mwa chiphokosocho a Chande anaika pakamwa pa khutu la Lazaro.

"Usadzatsitsenso, mwana iwe. Khanda la mlongo wako ndinalimva tsiku loyamba lomwe. Koma ukatsitsa chonchi, Maliko wanga, amene ndamubisa uko kuseri, amamveka kutsokomola mpaka pamsewu."