Madainoso Adutsa Pompano

Angella anali ataika kale maswiti a madainoso pa timakeke titatu pamene a Hajira, neba wake, anatembenuza paketi n'kuyamba kuwerenga.

"Amake Eliot, awa mwagula kuti?"

"Ku Limbe. Ndazungulira mashopu onse. Bwanji?"

"Muli za nkhumba umu." A Hajira anabweza paketi ija patebulo. "Musadandaule. Fahim wanga mungomupatulira mbale yake, anazolowera."

Angella anasuzumira pawindo. Panja Eliot, mwini phwando, ankamangirira mabaluni kumpanda, Fahim atamugwirira mpando kuti asagwe. Mwezi wonse Eliot sankakamba china koma makeke a madainoso. Pageti alendo anali atayamba kale kuodira.

Mawu oti "anazolowera" aja ndiwo anamukhudza Angella.

Timakeke titatu tija anatikweza pamwamba pa firiji, paketi n'kuitsekera m'kabati. Kenako anatenga kasupuni, n'kudinda ndi chogwirira chake pa kirimu wobiriwira wa kakeke kena: zala zitatu zotambasuka, chidendene kumbuyo. A Hajira anamuyang'ana kanthawi, nawonso n'kutola supuni.

Akumaliza thireyi yachiwiri, Eliot analowa akuthamanga, Fahim ali pambuyo.

"Amayi, madainoso anga ali kuti?"

"Adutsa pompano. Sukuona mapazi awo?"

Eliot anawerama, mphuno pafupi ndi kirimu, osaseka. Angella anangogwira supuni ija, kudikira misozi.

Mwanayo anatola timakeke tiwiri, kamodzi n'kupatsira mnzake.

"Gwira, Fahim. Tiye tiwalondole."