Buleki ya Mtima

Makaniko anakhala patebulo akuyang'anitsitsa mkazi wake akutsegula kabotolo ka mapilisi. Monga m'mawa uliwonse, mayiyo anatengamo kamodzi n'kulowa nako kukhitchini kukakonza tiyi. Makaniko anamwetulira. Lero mwina zitheka.

Sanali munthu womvera zonena mkazi. Koma tsiku lina mayiyo akufotokozera mlamu wake za mankhwalawo, bamboyo anatchera khutu.

"Amati beta buloka, alamu. Anamwino akuti ali ngati buleki. Ukapsa mtima kapena kudzidzimuka, thupi limalamula mtima kuti uthamange, ndiye mankhwalawa amatsekereza uthengawo. Mtima umagunda mofatsa, magazi osathamanga. Kungoti amatopetsa, komanso mapazi amachita kuzizira ngati a chule. Koma kuwasiya mwadzidzidzi ndiye ayi. Mtima umalusa, munthu mpaka kutsikira kulichete."

Makaniko anatolapo mawu omalizawo basi. Za galimoto yoduka buleki pamtsetse ankazidziwa bwino.

Anali atatopa naye mkaziyu. Dzina lake analiiwala kalekale, ankangomuitana kuti Chipatala, ngakhale pamaso pa alendo. Mtima wake unali pa kamtsikana ka kusaluni, komwe kankafuna nyumba osati malonjezo. Choipa n'chakuti kumenekonso zinthu zinali zitayamba kuchititsa manyazi, injini inkakana kulira. Mwamuna wamtunduwu, yemwe anang'ambira dokotala pepala la mankhwala pamaso, amvekere mapilisi ndi a akazi ndipo mtima wake ndi wa thirakitala, tsopano ankagona atavala masokosi. Iye anatsimikiza kuti limenelo ndi tsoka logona nyumba imodzi ndi wodwala.

Choncho masiku angapo m'mbuyomo, mayi atapita kumsika, Makaniko anakhuthulira mapilisi onse m'chimbudzi. M'kabotolomo anaikamo timapilisi ta mutu, toyera chimodzimodzi. Mtima wake unangogunda mofatsa, ndipo anadzitama kuti ndi mwamuna wolimba mtima.

Chichitireni zimenezo, moyo unayamba kukoma. Masokosi anawataya. Magazi ankachita kumveka akuthamanga m'thupi, mtima uli gu! gu! gu! ngati wa mnyamata wopita kukafunsira. Ufulu umayamba kununkhira usanafike, anatero mumtima. Anali atasankha kale malaya akuda oti adzavale pamaliro, ndiponso malo oti adzagwe polira.

Chomunyansa chinali chimodzi: Chipatala sankagwa. Ankachapa, ankakolopa, ankaimba nyimbo zake zakwaya ngati palibe chachitika.

M'mawa wa lerowu, mayi anatuluka m'khitchini muja ndi kapu n'kuiika patebulo ndi manja awiri.

"Tiyi uyu, bambo. Imwani asanazizire."

"Iwe Chipatala, ukupeza bwanji lero?"

Mayiyo anadabwa, nkhope n'kuwala. Zaka zonsezi anali asanafunsidwepo funso limenelo.

"Ndili bwino, bambo. Zikomo pondiganizira."

Makaniko anamwa tiyi wowawirira uja, wa masiku onse, ukali ukumukwera. Ngakhale kufa komwe mkaziyu ankachita mwaulesi! Anamenya tebulo n'kudzambatuka kuti amutukwane.

Mawu sanatuluke. Chinachake chinamufinya pachifuwa ngati jeke yaphonya, galimoto yonse n'kumutsikira. Ululu unayenderera kudzanja lamanzere, thukuta lili kamukamu. Anagwira nsalu ya patebulo n'kugwa nayo, kapu n'kusweka.

Mayi anagwada n'kuika khutu pachifuwa cha mwamuna wake. Mtima unkathamanga mosalongosoka, wopanda wougwira.

"Mayo ine! Zatheka bwanji? Sindinadumphitsepo ngakhale tsiku limodzi!" analira akumupukuta nkhope ndi chitenje. "Chikanireni mankhwala anu kwa adokotala kuja, ndimakusungunulirani mu tiyi m'mawa uliwonse. Ine sindinadwalepo mtima, bambo. Ndinkangonamizira kuti ndi anga kuti musawataye."