Nyemba M'chipewa cha Telala

Telala atafika kutsogolo kwa mzere, anapeza kuti wogawa nyemba ndi mayi amene iye anamukalipira dzulo.

Mayiyo anali atavala diresi lomwe telalayo anamusokera. Mpendero wake unali wokhotadi, monga anadandaulira mayiyo, telalayo asanamuponyere diresilo kumaso.

Kwa masiku atatu telala ankangomwa tiyi wopanda shuga. Ulusi unkakana kulowa pasingano, mawu a aliyense ankamulasa m'makutu, ndipo mkazi wake yemwe anasiya kumufunsa kanthu. Atamva kwa mlonda kuti kuholo ya kuseri kwa msika akugawa chakudya, ananyamuka chimanjamanja, tepi ili m'khosi, kuti anthu aziyesa akukayeza munthu.

"Thumba lili kuti, bambo?" anafunsa mayiyo.

"Sindinatenge."

"Vulani chipewa."

Anavula, dazi n'kukhala pamtunda. Nyemba zinakhuthukiramo makapu anayi. Anatsegula pakamwa kuti apepese.

"Kadyeni kaye," anatero mayiyo, maso ali kale pa munthu wotsatira. "Dzulo ndinakangana ndi njala yanu. Za diresi ndidzakamba ndi inuyo mawa."